Mnyamata wolowa gulu la zigawenga m'dzina la Chisilamu: wapusitsidwa kapena walakwa?

Nyenyezi_ya_Kummawa

Moni nonse m'bwalo lino. Ndikupempha odziwa mbiri ndi zachipembedzo andithandize. Nkhani ya zigawenga za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, ikangotuluka, anthu amagawanika pawiri. Ena amati vuto ndi umphawi basi, anyamata alibe ntchito pomwe gasi ndi miyala ya rubi zikuchokera m'dera lawo lomwelo. Ena amati vuto ndi chiphunzitso. Ngati ndi chiphunzitso, chinachokera kuti, poti Asilamu akhala m'mphepete mwa nyanja imeneyo zaka mazanamazana osadula anzawo mitu? Ndipo munthu akachita kudyetsedwa maganizo ndi ena, mlandu umakhala wa ndani, wodyetsa kapena wodya? Chonde tisanyozane zipembedzo pano, ndikufuna kumvetsa.

Mwalimu_wa_Tarikh

Zikomo achemwali. Nditenge mbali ya chiphunzitso, za mlandu ena athirirapo.

Anthu ambiri amathamangira liwu loti jihad, koma mtima wa nkhaniyi uli pa liwu lina la Chiarabu, takfir. Tanthauzo lake ndi kugamula kuti Msilamu mnzako ndi kafiri. Magulu amenewa amapha Asilamu ochuluka kuposa anthu ena onse: wapolisi, mphunzitsi, nyakwawa, shehe, mayi wogulitsa nsomba pamsika. Malamulo a Chisilamu amaletsa magazi a anthu amenewa, ndiye wofuna kuwapha amayamba wawatulutsa m'chipembedzo ndi pakamwa, mfuti imabwera pambuyo.

Oyamba kuchita zimenezi anali Akhawariji. Mu 657, pa nkhondo ya ku Siffin, Ali, khalifa wachinayi, anavomera kuti mkangano wake ndi Mu'awiya uweruzidwe ndi anthu osankhidwa. Asilikali ake ena anamuchokera ponena kuti chiweruzo ndi cha Mulungu yekha, choncho wovomera kuweruzidwa ndi munthu wataya chikhulupiriro. Ali anayankha kuti mawuwo ndi oona koma akuwagwiritsa ntchito pofuna chabodza. Anawagonjetsa ku Nahrawan mu 658, ndipo mu 661 mmodzi wa iwo anamutema ndi lupanga mu mzikiti wa ku Kufa mpaka anamwalira ndi bala limenelo. N'chifukwa chake mashehe ambiri lero amatchula gulu la zigawenga la ISIS ndi anzake kuti Akhawariji.

Koma chiphunzitso cha masiku anochi sichinachoke kwa Akhawariji n'kufika kwa ife molunjika. Chinamangidwa chaposachedwa, ndipo omanga ake amadziwika mayina.

Sayyid Qutb wa ku Egypt anamangidwa mu 1954, boma la Nasser litayamba kusesa gulu la Muslim Brotherhood. Anakhala m'ndende pafupifupi zaka 10, akaidi akuzunzidwa, ndipo mu 1957 alonda a ndende ya Tura anapha anzake oposa 20. Ali momwemo anatenga ganizo la Mawdudi wa ku Pakistan loti ulamuliro wopanga malamulo ndi wa Mulungu yekha, n'kuliphatikiza ndi liwu loti jahiliyya. Liwu limeneli kale linkatanthauza nyengo ya umbuli Mtumiki Muhammad asanabwere. Qutb analiika pa Egypt wa nthawi yake, dziko lomwe mizikiti inkadzaza Lachisanu lililonse. Buku lake lotchedwa Ma'alim fi al-Tariq linatuluka mu 1964, iye ananyongedwa mu Ogasiti 1966. Sanalembe mndandanda wa anthu oyenera kuphedwa, koma anasiya khomo lotsegula: ngati dziko lonse lili mu umbuli, kagulu kochepa kali ndi ufulu wolichotsa ndi mphamvu.

Amene analowa pakhomopo ndi Muhammad Abd al-Salam Faraj, katswiri wa zamagetsi, osati shehe. M'kabuku kake anati mdani wapafupi, kutanthauza wolamulira wa dziko lako, ndiye woyamba kumenyedwa. Umboni anautenga ku mafatwa (zigamulo za chipembedzo) a shehe Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 1328, onena za Amongoli omwe ankati ndi Asilamu koma akulamulirabe ndi malamulo a Genghis Khan. Fatwa yolembedwa pomwe asilikali achilendo ankaukira Damascus anaiika pa pulezidenti wa dziko lake lomwe. Pulezidenti wa Egypt, Anwar Sadat, anaphedwa ndi gulu la Faraj pa 6 Okutobala 1981. Mufti (mkulu wopereka mafatwa) wa Egypt wa nthawiyo, Jad al-Haqq, analemba yankho lotsutsa kabukuko mfundo ndi mfundo, koma magazi anali atakhetsedwa kale.

Apa pali kanthu kakang'ono koyenera kukaona bwino. Imodzi mwa mafatwa amene Faraj anadalira ndi yonena za mzinda wa Mardin. Akatswiri atakumana ku Mardin komweko mu 2010, zinadziwika kuti m'mabuku osindikizidwa munalembedwa yuqatal, kutanthauza amenyedwe nkhondo, pomwe m'cholembedwa pamanja chakale munali yu'amal, kutanthauza achitiridwe moyenera. M'zilembo za Chiarabu mawu awiriwa amafanana kwambiri. Wophunzira weniweni amafunsa komwe mawu achokera. Wofuna chilolezo chophera amangotola chomwe chamukomera.

Chotsatira chinachokera kwa Abdullah Azzam m'zaka za m'ma 1980, pa nkhondo ya ku Afghanistan. M'malamulo akale nkhondo imalengezedwa ndi wolamulira, ndipo mnyamata sapita popanda chilolezo cha makolo. Azzam anaphunzitsa kuti dziko lililonse la Asilamu likalandidwa, kumenya nkhondo kumakhala udindo wa Msilamu aliyense payekha, ngati swala, osapempha kwa bambo kapena mayi. Apa ndi pomwe anadula chingwe chomwe chimagwira mnyamata pakhomo. Mu Febuluwale 1998 Osama bin Laden ndi Ayman al-Zawahiri anawonjezera kuti anthu wamba a ku America ndi a mayiko ogwirizana nawo nawonso aphedwe. Pa 7 Ogasiti chaka chomwecho mabomba anaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi Dar es Salaam. Anafa anthu 224, ambiri mwa iwo Aafirika.

Takfir ikayamba siima. Ku Algeria mu 1997 gulu la GIA linagamula kuti anthu onse osaliyikira kumbuyo ndi makafiri, n'kuyamba kupha midzi yathunthu. Zarqawi, mtsogoleri wa al-Qaeda ku Iraq, anaphulitsa Ashia m'misika ndi m'mizikiti. Ndipo pali lamulo lawo loti amene sakutchula kafiri kuti kafiri nayenso ndi kafiri. Lamulo limeneli linagawa ISIS yeniyeniyo mpaka inayamba kupha mamembala ake.

Mlozo

Mwalimu, mbiri mwaiyala bwino, koma ndikuopa kuti owerenga angaganize kuti mnyamata wa ku Mocímboa da Praia, tauni ya ku Cabo Delgado, anakhala pansi n'kuwerenga Qutb. Ambiri sanamve n'komwe dzina limenelo.

Mu 2017 bungwe la UNDP linatulutsa kafukufuku yemwe anafunsa anthu pafupifupi 500 omwe analowa okha magulu ngati Boko Haram ndi al-Shabaab. Anthu 57 pa 100 alionse anavomera kuti malemba a chipembedzo chawo amawadziwa pang'ono kapena sawadziwa n'komwe. Anthu 71 pa 100 alionse anati chomwe chinawamalizitsa kuganiza ndi zochita za boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa m'bale kapena mnzawo. Kafukufukuyo anapezanso kuti kuphunzira chipembedzo zaka zambiri kumachepetsa mpata woti munthu alowe. Choncho wokopeka msanga si wozama m'chipembedzo ayi, ndi woyandama.

Onani ku Nigeria. Mohammed Yusuf, woyambitsa Boko Haram, anaphedwa ali m'manja mwa apolisi mu Julayi 2009 osaonekera kukhoti. Gulu linabwereranso pansi pa Abubakar Shekau lili loopsa kuposa kale. Ku Cabo Delgado nakonso, chakumayambiriro kwa 2017 apolisi anathamangitsa mwankhanza anthu okumba rubi ku Montepuez, ndipo pa 5 Okutobala chaka chomwecho zigawenga zinaukira malo a apolisi ku Mocímboa da Praia.

Komabe sindikunena kuti ndi umphawi wokha, chifukwa zimenezo siziyenda. Niassa ndi chigawo chosauka kwambiri, koma moto sunayambire kumeneko. Zawahiri anali dokotala wochita maopaleshoni, bin Laden mwana wa mpondamatiki. Ku Cabo Delgado kagulu kachipembedzo komwe kanadzayambitsa ziwawazi kanalipo zaka zingapo nkhondo isanayambe. Ankaletsa ana kupita kusukulu za boma, ankalowa m'mizikiti atavala nsapato, ena ndi mipeni, ankakana kuswali kumbuyo kwa maimamu a m'deralo, ndipo ankamvera maulaliki a Chiswahili a Aboud Rogo wa ku Mombasa, amene anawomberedwa mu Ogasiti 2012. Atsogoleri a Chisilamu a m'deralo anachenjeza akuluakulu a boma kangapo, koma nkhaniyo inatengedwa ngati mkangano wa mumzikiti.

Ine ndimaziona chonchi. Kudandaula kumamupangitsa mnyamata kutchera khutu. Chiphunzitso chimamupatsa zinthu zomwe umphawi paokha sungamupatse: dzina la mdani, chilolezo chomupha, ndi lonjezo loti akafa wapindula. Ndipo kawirikawiri womubweretsa si mlaliki wachilendo, ndi mnzake, mchimwene wake kapena mlamu wake. Ambiri amayamba kulowa gulu chifukwa cha ubale ndi ndalama, chiphunzitso n'kuchimeza ali kale mkati, pomwe kubwerera kwavuta.

Wazamalamulo

Achemwali, funso lanu lachiwiri ndi lomwe anthu amalizemba, ndiye ndilunjike pomwepo. Wodyetsa ali ndi mlandu wake, wodya ali ndi wake. Mlandu wa mmodzi sufafaniza wa mnzake. Chomwe chimasiyana ndi kukula kwake.

A Mlozo afotokoza bwino zomwe zimakankha munthu, koma kufotokoza chifukwa si kumasula wolakwa. Umboni wake ndi anthu omwe anakumana ndi mavuto omwewo n'kusankha zina. M'ndende za Nasser zomwezo munali Hasan al-Hudaybi, mtsogoleri wa Muslim Brotherhood. Ataona achinyamata ozunzidwa akuyamba kutchula aliyense kafiri, iye ndi anzake anakonza buku lotchedwa Du'at la Qudat, kutanthauza kuti ndife oitanira anthu, sitili oweruza. Munalinso mnyamata wina, Shukri Mustafa, amene atatuluka anayambitsa gulu lomwe mu 1977 linaba ndi kupha Sheikh Muhammad al-Dhahabi, yemwe kale anali nduna ya zachipembedzo. Ndende imodzi, zikwapu zofanana, njira ziwiri. Ku Cabo Delgado, apolisi a ku Mozambique analengeza kuti mu Epulo 2020 zigawenga zinapha achinyamata 52 m'mudzi wa Xitaxi, boma la Muidumbe, chifukwa chokana kulowa gulu. Amenewo analinso osauka. Tikamanena kuti olowawo analibe chochita, tikuwalakwira amene anafa chifukwa chokana.

Makhoti amasiyanitsa motere. Ahmad al-Faqi al-Mahdi anali mkulu wa apolisi achipembedzo a gulu la Ansar Dine ku Timbuktu mu 2012. Atafunsidwa za manda a mashehe akale, poyamba analangiza kuti asagumulidwe. Akuluakulu atalamula, iye yemweyo analemba ulaliki wovomereza, anapezetsa zipangizo, n'kugwira nawo ntchito yogumula. Khoti la ICC ku The Hague linamugamula zaka 9 mu Seputembala 2016 atavomera mlandu ndi kupepesa. Onani kuti maganizo ake oyamba anamuchepetsera chilango koma sanamumasule, chifukwa ankadziwa ndipo anachitabe.

Chitsanzo china ndi cha gulu losakhala la Chisilamu, LRA ya Joseph Kony ku Uganda. Dominic Ongwen anabedwa ali mwana wa zaka pafupifupi 9. Mu Febuluwale 2021 ICC inamupeza wolakwa pa milandu 61 yomwe anapalamula atakula ali mkulu wa asilikali, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anagamulidwa zaka 25. Oweruza anakana zoti ankachita mokakamizidwa nthawi yonseyo, koma kubedwa kwake anakuwerengera pogamula chilango. Choncho mwana wobedwa, kapena mtsikana womangiriridwa bomba monga amachitira a Boko Haram, ndi wochitiridwa nkhanza. Wamkulu amene anapita yekha ali ndi mlandu. Wokopa anzake ndi wolemba fatwa ali ndi waukulu koposa, ngakhale asanagwirepo mfuti.

Qur'an yeniyeniyo sivomereza chodzikanira choti ndinangotsatira. Pa 33:67 anthu a kumoto akudandaula kuti tinamvera mabwana ndi akuluakulu athu ndipo anatisocheretsa, koma kudandaulako sikukuwatulutsa. Pa 14:22 Satana akuwauza kuti ine ndinangokuitanani, inu munayankha, musandidzudzule ine, dzidzudzuleni nokha. Pa 17:36 akuti usatsatire chomwe sukuchidziwa, chifukwa makutu, maso ndi mtima zidzafunsidwa. Palinso hadith (nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki) ya mtsogoleri wa asilikali amene atakwiya analamula anthu ake kuti alowe m'moto womwe anakoleza. Iwo anakana, ndipo Mtumiki atamva anati kumvera kuli pa zabwino zokha.

Ndipo munthu akhoza kubweza ganizo lomwe analitenga. Atsogoleri a al-Gama'a al-Islamiyya ku Egypt analengeza ali m'ndende mu 1997 kuti asiya nkhondo, ndipo mu 2002 anatulutsa mabuku anayi otsutsa chiphunzitso chawo chakale. Mu 2007 Sayyid Imam al-Sharif, amene mabuku ake ankaphunzitsidwa m'makampu a al-Qaeda, analemba zotsutsa njira imeneyo. Ena amati anachita chifukwa cha ndende, ndipo kukayikako n'komveka, koma gulu la Gama'a silinabwererenso ku nkhondo ngakhale atsogoleriwo atatulutsidwa.

Nyenyezi_ya_Kummawa

Zikomo kwambiri nonse, zalowa. Katsala kamodzi. Kholo kapena mwalimu wa pa madrasa angasiyanitse bwanji mnyamata amene wangolimbikira chipembedzo ndi amene wayamba kutsetsereka? Ndikuopa kuti anthu angayambe kukayikira aliyense wosunga ndevu.

Mayi_Aphungu

Mwafunsa bwino mwanawe, chifukwa kulakwitsa pamenepa kumawononga zambiri.

Ndevu, buluku lolekeza pamwamba pa akakolo, nikabu, kusala kudya masiku owonjezera, zonsezi si zizindikiro. Ngakhale kutsutsa miyambo ina si chizindikiro. Kuno ku Malawi a Qadiriyya ndi a Sukuti akhala akusiyana zaka zambiri pa nkhani ya sikiri ndi zochitika pa maliro, koma kunena kuti mnzako walakwitsa n'kosiyana ndi kunena kuti magazi ake ndi ololedwa. Mzere uli pamenepo.

Mvetserani momwe akutchulira anthu. Akasiya kuswali kumbuyo kwa imamu wa pa mzikiti wake, osati chifukwa cha kawerengedwe koma poti imamuyo ndi kafiri, zinthu zasintha. Chimodzimodzi akayamba kunena kuti kuvota, kukhala ndi chiphaso cha unzika, kugwira ntchito m'boma kapena kutumiza mwana kusukulu ndi ukafiri, kenako n'kufika pa makolo ake omwe. China ndi chinsinsi. Wokopa amayambira poyera, pa Facebook kapena pambuyo pa swala, ndi nkhani zoona za Asilamu ozunzika. Akaona kuti mnyamata wakhudzidwa amamusamutsira ku kagulu kotsekedwa ka WhatsApp kapena Telegram, n'kumuuza kuti mashehe a kwanu anagulidwa ndi boma, usawafunse. Chiganizo chimenecho ndicho chofunika kuchigwira, chifukwa ntchito yake ndi kuchotsa aliyense amene akanamuyankha. Kenako pamabwera ndalama zosadziwika bwino, kapena lonjezo la ntchito kapena maphunziro kunja lopanda dzina la sukulu, lopanda kalata, ndi langizo loti makolo adzauzidwa ukafika.

Makolo ambiri amalakwitsa pochita zinthu mwaukali. Kulanda foni, kumumenya, kumuchititsa manyazi pamaso pa abale, kumuthamangitsa pakhomo, zonsezi zimatsimikizira zomwe wokopa anamuuza kale, zoti akwanu adzakuda chifukwa cha choonadi. Kumubweretsera shehe wongokalipa nakonso sikuthandiza. Mnyamatayo amakhala ataloweza ndime zisanu kapena khumi, ndipo shehe akalephera kuziyankha, iye amatuluka atakhwima kuposa kale.

Njira yomwe ili ndi mbiri yabwino ndi ya Ibn Abbas, msuweni wa Mtumiki. Anapita kwa Akhawariji, n'kuwapempha kuti atchule madandaulo awo onse, anawafunsa ngati pali china chotsala, kenako n'kuyankha limodzi limodzi ndi Qur'an ndi zochita za Mtumiki. Ambiri anabwerera. Chitani chimodzimodzi. Ngati dandaulo lake ndi loona, monga nkhanza za apolisi kapena kusowa ntchito, livomerezeni, musalikane. Chomwe mukutsutsa ndi chilolezo chopha.

Akatchula ndime ya Qur'an 9:5 yonena za kupha opembedza mafano, muwerengetseni 9:4 ndi 9:6 zomwe zili pambali pake, zonena za kusunga pangano ndi kuteteza wopempha chitetezo mpaka akafike pamalo pabwino, kenako 60:8 yonena za kuchitira zabwino ndi chilungamo anthu osakumenyani nkhondo. Akatchula 5:44 yonena za osaweruza ndi zomwe Mulungu anavumbulutsa, muonetseni kuti akatswiri akale, potsatira Ibn Abbas, anati pamenepo pali ukafiri wocheperapo wosamutulutsa munthu m'chipembedzo. Mukumbutseni za Usama ibn Zayd, amene anapha munthu pankhondo atanena kale kuti palibe wopembedzedwa koma Mulungu, poganiza kuti akungoopa lupanga. Mtumiki anamufunsa ngati anang'amba mtima wa munthuyo kuti aone zomwe zili mkati. Mufunseninso kuti wopereka fatwayo ndi ndani, dzina lake lenileni, anaphunzira kuti, kwa yani. Kalata yomwe akatswiri oposa 120 analembera al-Baghdadi, mtsogoleri wa ISIS wa nthawiyo, mu Seputembala 2014 ili ndi mayina a olemba ake onse, pomwe mawu a m'kagulu ka pafoni amabwera ndi dzina lobisika.

Ntchito imeneyi siitha tsiku limodzi, imatenga miyezi, ndipo imafuna munthu mmodzi amene mnyamatayo amamulemekezabe, kaya malume ake kaya mwalimu wake wakale. Koma mukaona chida, kapena watchula malo kapena munthu woti amuchite chipongwe, kapena ulendo wakonzedwa kale ndipo tikiti yagulidwa, nthawi yokambirana yokha yatha. Pitani kupolisi tsiku lomwelo, ndipo mutengane ndi imamu kapena mfumu kuti pakhale mboni yoona momwe mwanayo akumusungira.